Tsiku Limene Esau Adatsuka Sensa ndi Palafini

Esau Kalimbuka adabadwira m'mudzi wina wa kumadzulo kwa Mitundu, kumene mapiri a Dzalanyama amaoneka ngati ungawafike pa njinga dzuwa lisanatenthe. Sukulu adaphunzira ya mishoni, nalekeza sitandade sikisi. M'kalasi sadali wotsogola, koma manja ake sankakhala chete, choncho mzungu wina wachikulire amene ankayang'anira galaja ya pamishonipo adamutenga n'kumuphunzitsa za injini. Mzunguyo sankalankhula zambiri. Lamulo lake lidali limodzi, ndipo ankalibwereza m'Chichewa chake chopotoka: chitsulo chilichonse chimene wamasula, usachibwezeretse chili chakuda. Esau adalimeza lamulolo monga adamezera katekisimu, osafunsa kuti limalekezera pati.

Atakula adalembedwa ntchito pa esiteti ya fodya cha ku Malingunde, ndipo adakhalako zaka makumi awiri ndi ziwiri akukonza mathirakitala, malole onyamula mabelo ndi galimoto ya bwana. Matipate atabwera, eni esitetiyo adachepetsa minda, antchito ambiri n'kuuzidwa kuti akapume. Esau adabwerera kwawo mu 1995 ndi bokosi lamatabwa la zipangizo, imvi zitayamba kumera. Adapeza malo pansi pa mkuyu, kuseri kwa msika wa Mitundu, moyandikana ndi msuweni wake Pitala amene ankamata matayala.

Luso lake lenileni lidali pa kabuleta, chipangizo chimene chimasakaniza petulo ndi mpweya m'galimoto zakale. Ankaimasula yonse, tizidutswa n'kutiyala pa thumba la feteleza, kenako n'kumatitsuka kamodzikamodzi m'beseni la palafini. Pamene pada kwambiri ankakwecha ndi mswachi wakale. M'timabowo ting'onoting'ono ankapisamo nthenga ya nkhuku, n'kuuziramo ndi pakamwa. Galimoto imene yabwera ikutsokomola inkachoka ikulira bwinobwino. Mwini wake akayamba zoyamikira, zoti inu ndinu dokotala, Esau ankapukuta manja n'kuyang'ana kumbali.

"Kafikeni kaye kumene mukupitako," ankatero.

Ena ankati n'kudzichepetsa. Pitala ankati ndi matama obisa. Mwina onse ankanena zoona.

Koma msewu udali kusintha. Zaka zimenezo zidayamba kulowa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japani, zoyera, zosalala, zolira motsitsa ngati makina osokera. Zinkadutsa pa Mitundu osaima pansi pa mkuyu. Zakale zija zinkatha imodziimodzi, zina n'kusanduka makola a nkhuku kuseri kwa nyumba za eni ake. Pagulu Esau ankati zatsopanozo ndi zidole. Mumtima ankadziwa kuti tsiku limene zakale zidzathe, ntchito yake idzathera pomwepo, pokhapokha eni a zatsopanozo atayamba kumukhulupirira.

Yoyamba kuima idali ya Anachisale, Lachiwiri lina mu Okutobala wa 1997. Anachisale, amene dzina lawo la ubatizo lidali Anna, adali mayi wamasiye wa ku Nathenje, wopikula kabichi ndi matimati m'madimba n'kukagulitsa m'tauni. Galimotoyo adawatumizira mwana wawo wa ku Joni, ndipo kuyendetsa adaphunzira ali kale ndi zidzukulu.

"Amakaniko, mwaswera bwanji?"

"Taswera, kaya inu mayi?"

"Ine ndaswera, koma iyi ndiye ayi. Ikafika pachitunda ikumatsamwa. Ndikaponda moto, ikumayamba yaganiza kaye."

"Ndi matipate amenewo, mayi," adalowererapo Pitala ali chiweramire pa tayala. "Masiku ano ngakhale galimoto ili ndi ufulu wokana."

"Inu matani matayala anuwo. Ndikulankhula ndi eni ntchito."

Esau adatsegula boneti. Adafunafuna kabuleta ndi maso, osaipeza. Pamalo pake padali chivundikiro chakuda cha pulasitiki, mapaipi ndi mawaya omangidwa m'mitolo. Abambo amene ankasewera bawo chapafupi adali atasiya masewera n'kubwera kudzasuzumira, poti injini yotere adali asanaionepo. Mawu oti "iyi sindikuidziwa" adafika pakhosi, koma pamaso pa anthu onsewo adabwerera.

Adayambira pa zimene ankadziwa. Adatulutsa sefa ya mpweya, naipeza itadzaza fumbi lofiira la m'misewu ya kumadimba. Adaikuntha pa tsinde la mkuyu mpaka anthu kuyetsemula. Apo adachita bwino, ndipo akadalekera pomwepo bwenzi nkhani ino palibe. Koma adalondola paipi yochoka pa sefapo, napeza kabokosi kakuda kokhala ndi pulagi ya mawaya. Adamasula tizomangira tiwiri n'kukasolola. M'kati mwake mudali kawaya kopyapyala kuposa tsitsi, komangika pakati pa tizitsulo tiwiri, nako katakutidwa ndi fumbi. Ntchito yake sadaidziwe, koma adaona kuti n'kakuda. Adakaviika m'beseni la palafini, n'kukapukuta bwinobwino ndi nthenga, n'kukauzira, n'kukabwezeretsa.

Injini idalira ulendo woyamba. Anachisale adayenda nayo kukafika pa chigayo n'kubwerera akumwetulira, kenako adalunjika ku dimba lina la kufupi kukapakira kabichi.

Dzuwa litapendeka, anthu a pamsika adamva chikwapu ndi mfuwu wa woyendetsa ng'ombe. Ng'ombe ziwiri za pangolo zinkabwera pang'onopang'ono, zikukoka galimoto yoyera ija ndi tcheni. Anachisale adali pa chiwongolero, nkhope ili gwa, kabichi atadzaza mpaka kudenga. Amayi ogulitsa nyemba adaimirira. Wina adaimba likhweru, wina n'kufuula kuti, "Imeneyo ndiye siidya petulo, imangofuna udzu!"

Ng'ombe zidaima pansi pa mkuyu. Anachisale adatuluka n'kumenyetsa chitseko.

"Inayenda bwino pang'ono chabe. Kenako inayamba kunjenjemera, utsi wakuda kumbuyo, kanyali kachikasu n'kuyaka apa pamaso panga. Ikati ilire, n'kuzima. Ndi petulo wa m'zigubu ameneyu. Dzulo ndinathira kwa bambo uja wa pamphambano. Ndamulalatira kale podutsa, anthu onse akumva."

Esau adatsegula boneti, nasololanso kabokosi kaja. Kawayako kadali katasintha mtundu, kali bii ngati kapsa, ndipo kadapindika pang'ono mbali imodzi. Maganizo ake adapita pa palafini uja.

Pitala adamuyandikira ngati akubwereka sipanala. "Asuweni," adanong'ona, "mayiwo akutsegulirani okha khomo. Petulo wa m'zigubu alibe mboni. Ingogwedezani mutu, nkhani ithe."

Esau sadagwedeze mutu, komanso sadatsutse. Adakulunga kabokosiko m'mpango. "Isiyeni pompano, mayi. Aka ndipita nako m'tauni mawa."

Kabichi adamusamutsira pa lole ya matola imene inkapita ku Nathenje. Wina adali atayamba kale kufota.

M'mawa mwake Esau adavala jekete lake la ku tchalitchi n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe. Ku Biwi, kumene magalaja adandandalika, adaonetsa kabokosiko malo atatu. Onse adamulozera kwa munthu mmodzi, Masautso, wa zamagetsi a galimoto, amene adagwirapo ntchito ku Joni zaka zingapo. Adali bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu kapena kuposerapo, wonenepa, wolankhula mokweza. Adalandira kabokosiko, nakayang'ana padzuwa, kenako adakanunkhiza.

"Palafini! Madala, ndani wachita zimenezi?"

"Munthu wina wa kwathu," adayankha Esau.

"Munthu ameneyo amakonza galimoto kapena makoloboyi? Ankafuna kuyatsa nyale?"

Masautso adaseka mpaka kugwira pamimba. Kenako maso ake adagwera pa manja a Esau, zikhadabo zakuda ndi zipsera za masipanala, ndipo kusekako kudachepa. Adakoka tayala ndi phazi. "Khalani apa, madala."

Adalongosola mosathamanga. Kachipangizoko kamatchedwa sensa. Galimoto zatsopanozi zilibe kabuleta. Zili ndi kakompyuta kamene kamagawa petulo molingana ndi mpweya umene ukulowa. Kawaya kaja kamatentha ndi magetsi, mpweya podutsa n'kumakaziziritsa, ndipo kakompyutako kamadziwira pamenepo kuchuluka kwa mpweya. Palafini sauma yense, amasiya mafuta. Mafutawo amapserera pa kawaya kotenthako, sensa n'kuyamba kunama, petulo n'kumathiridwa ngati mowa wa pamaliro a mfumu, injini n'kutsamwa.

"Ndiye kakada timatani?" adafunsa Esau.

Masautso adatenga kachitini kopopera. "Awa ndi mankhwala otsukira zamagetsi, omwe aja amagwiritsa ntchito okonza mawailesi. Mumapopera muli patali chonchi, katatu kapena kanayi. Amauma okha osasiya kanthu. Mukaike pamthunzi kaume. Koma kawayako osakakhudza. Ndi nsanza ayi, ndi chala ayi."

"Ndi nthenga?"

"Ndi nthenga anakagwiranso?"

"Ya nkhuku."

"Mayo ine. Kamuuzeni munthu wa kwanuyo kuti nkhukuyo aisiye ikhale ndi nthenga zake."

Esau adatulutsa pensulo n'kulemba zonsezo kuseri kwa pepala la sopo, m'zilembo zake zoongoka za ku mishoni. Sensa ina idapezeka m'galimoto yamtundu womwewo imene idachita ngozi n'kugonekedwa kuseri kwa galajayo. Masautso akuimasula, Esau adaona galimoto yakale ya Pijo, ya bokosibode, ili pakona, boneti ili yasa.

"Iyo yatani?"

"Musandikumbutse. Ya apongozi anga. Sabata yatha ikungosefukira petulo. Za makabuletazi ine zimandipweteketsa mutu."

Esau adavula jekete, nalipachika pa msomali. Adapempha beseni. Ola lisanathe, Pijo ija idali kulira mosadodoma, Masautso ataima pambali manja ali m'chiuno.

"Sensayo tengani, madala, ndi kachitini aka. Tisakambenso zina. Ndipo mukakhala ndi mpata muzibwera Lachitatu. Zoterezi zimabwera kuno zambiri ndipo ndimangozibweza. Inu muzindionetsa zanuzo, ine ndizikuonetsani zangazi."

Esau adakwera minibasi yobwerera kwawo, sensa ili m'thumba la m'kati mwa jekete. Palibe munthu wa ku Mitundu amene adamva zimene zidakambidwa ku Biwi. Akangoika sensayo galimoto n'kulira, mbiri idzamveka mpaka ku Nathenje yoti Kalimbuka amatha ngakhale za ku Japani. N'zimene adakhala akuzifuna zaka ziwiri.

Adafika masana. Anachisale adali atabwera kale, atakhala pa benchi la Pitala, ambulera ili pamiyendo. Abambo a pabawo adasonkhananso. Esau adalowetsa sensa, namanga tizomangira, nalumikiza pulagi. Adapempha mayiwo kuti alize.

Injini idalira n'kukhazikika. Utsi wakuda udatuluka pang'ono n'kutha. Adayenda nayo awiriwiri mpaka pa chitunda cha ku dimba kuja, ndipo idakwera osadodoma. Pobwerera kanyali kachikasu kadali katazima.

Pansi pa mkuyu padali phokoso. "Kalimbuka ndi wina!" adatero mmodzi wa abambo a pabawo. "Petulo woipa waononga, iye wadzutsa!" Wina adati za m'tauni n'zongodyera anthu, dokotala ali pompano. Anachisale adatuluka m'galimoto akuomba m'manja mwaulemu.

"Bambo Kalimbuka, ine ndilibe mawu. Anzanga onse a ku Nathenje amene ali ndi zoterezi ndiwauza. Ndipo uja wa zigubu uja asadzandionenso."

Esau adatenga nsanza n'kuyamba kupukuta manja. Adapukuta chala chimodzichimodzi. Pitala adamuyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, kumuchenjeza, poti ankamudziwa kuyambira ali ana.

"Mayi, petulo analibe vuto," adatero Esau. Mawu ake adatuluka otsika, ndipo adabwerezanso mokweza kuti a kumbuyo amve. "Petulo analibe vuto. Ndinaononga ndine. Kachipangizo kaja sindinkakadziwa. Ndinakatsuka ndi palafini, kosafunika palafini, n'kukagwira ndi nthenga, kosafunika kugwiridwa. Za kakonzedwe kake andiuza lero ku Biwi."

Kenako wina kumbuyo adaphulika ndi phwete, ena n'kutsatira.

"Ndinakuuzani ine," adatero Pitala akuponya manja m'mwamba. "Munthu uyu sukulu ya mishoni idamuononga. Angakhale m'ndende atha kukadzitsekera yekha, kiyi n'kukapereka kwa apolisi."

Anachisale sadaseke. "Ndiye kuti dzulo lija, ine ndikunena za petulo, inu mukudziwa?"

"Ndinkakayikira. Koma ndinakhala chete, ndipo sindinayenere kutero."

"Kabichi wanga theka ndataya. Munthu wosalakwa ndamunyoza pamaso pa akazi ake. Mukanangondiuza Lachiwiri lija kuti iyi simukuidziwa, ndikanakudyani?"

"Simukanandidya, mayi."

"Nanga?"

Esau adayang'ana anthu aja, n'kuyang'ana pansi. "Manyazi."

Anachisale adalowa m'galimoto osatsazika. Anthu adaona fumbi lake likulowera ku mphambano, ndipo ena adati adaima kumeneko kanthawi kwa bambo wa zigubu uja. Tsiku lotsatira Esau nayenso adapitako pa njinga. Zimene adakambirana sadauze munthu.

Masabata atatu otsatira adali ouma. Nkhani idayenda msika wonse, ndipo pofika Loweruka dzina lake lidali litasanduka a Palafini. Mphunzitsi wina amene ankabweretsa njinga yamoto adayamba kupita nayo kwina. Galimoto zoyera zidapitiriza kudutsa osaima, madalaivala ena akuliza hutala n'kumaloza. Pitala ankamunena tsiku ndi tsiku, koma masana ankamugawira chinangwa chake chootcha, ndipo munthu wina wachilendo atayesa kutchula dzina la Palafini pamaso pake, adamuthamangitsa ndi mpope.

Lachitatu lililonse Esau ankatseka bokosi lake n'kukwera minibasi ya ku Biwi. Kumeneko ankakhala pa tayala, munthu wa imvi, akumvetsera mnzake wamng'ono kwa iye ndi zaka pafupifupi makumi awiri. Adaphunzira kuyeza magetsi ndi kamita. Adaphunzira kuti kanyali kachikasu kaja kamaphethira mowerengeka ukakafunsa bwino, ndipo kuphethirako kumanena pamene pali vuto. Zina zinkalowa msanga, zina ankafunsa katatu, Masautso n'kumadandaula kuti mutu wa madalawa ndi wa dizilo, umachedwa kutentha. Mapepala a sopo adachuluka mpaka mkazi wake adawasokerera pamodzi ndi ulusi.

Mvula yoyamba itagwa, fumbi litagona, galimoto yoyera ija idakhota n'kuima pansi pa mkuyu. Anachisale adatsitsa galasi.

"A Palafini alipo?"

"Alipo, mayi," adayankha Pitala msanga. "Koma nkhuku zonse tabisa."

Esau adatuluka kunsi kwa thirakitala imene ankakonza, nadzikuntha. Adapatsana moni mwa masiku onse, ngati padalibe kanthu.

"Zilipo ziwiri," adatero mayiwo. "Ndikaponda buleki kukumalira kutsogoloku. Chachiwiri, m'mawa ikumavuta kudzuka, koma ikatentha ilibe vuto."

Esau adagwada, nasuzumira kuseri kwa tayala la kutsogolo, nagwira ndi chala. Kenako adatsegula boneti n'kumvetsera injini kanthawi, mutu ataupendeketsa.

"Za mabulekizi ndikuzidziwa, ndikonza lero. Za m'mawazo ndili ndi maganizo awiri, koma sindikutsimikiza. Sindimasula kanthu mpaka nditakafunsa Lachitatu. Mukafuna, pitani nayo nokha m'tauni, ndikulozerani munthu wake."

"M'tauni ndinapitako kale sabata yatha, kwa ena," adatero Anachisale. "Aliyense kumeneko amadziwa zonse. Ndinafunsa atatu, mayankho atatu, onse olumbira." Adazimitsa injini, natuluka, natenga ambulera ndi kachikwama kawo. "Mlamu wanga ali ndi minibasi yamtundu womwewu wopanda kabuleta. Ndamuuza kuti ku Mitundu kuli munthu amene anandionongera galimoto. Akuti abwera Lolemba."

"Mwamuuza kuti ndinaononga?"

"Ndamuuza zonse. Nanga ndikanamuuza theka?"

Adaika makiyi m'dzanja la Esau n'kuyamba kulowera kokwerera matola, akulambalala zithaphwi.

"Ndidzaitenga Lachinayi," adatero osatembenuka.

Esau adaika makiyiwo m'thumba la malaya n'kumanga batani. Adaitana Pitala kuti abwere ndi jeki, ndipo awiriwo adayamba kukweza galimotoyo mbali ya kutsogolo.